Tiyi wa Mtsogoleri Kuseri kwa Bafa Lathu

Bambo anga ankagwira ntchito imene sindinamvepo kuti wina anaigwirapo. Pa esiteti ya tiyi pomwe ndinabadwira, kuno ku Thyolo, anthu amapatsidwa mizere yoti athyole, ena munda wonse woti adulire. Bambo anga anapatsidwa mtengo umodzi. Umodzi basi, wofika m'mawondo, wozunguliridwa ndi mpanda wa waya ndi miyala yopaka laimu. Chifukwa cha kamtengo kameneko tinkakhalabe m'nyumba ya kampani m'malayini, ngakhale zaka zawo zopumira pantchito zinali zitadutsa kalekale. Akanatichotsa m'nyumba imeneyo tinalibe kolowera. Agogo anachokera kutsidya kwa malire atasenza mphasa yokha, ndipo kuno aliyense amadziwa kuti dothi ndi la tiyi, anthufe timangopemphako pogona.

Nkhani yake inayamba ine ndisanabadwe. Mtsogoleri wa dziko anabwera kudzayendera esiteti, ndiye mabwana anaganiza zoti abzale mbande imodzi ya tiyi kuti ikhale chikumbutso. Bambo, amene panthawiyo anali odulira tiyi, ndiwo anakumba dzenje. Mbande ya tiyi imachoka ku nazale ili m'chubu chakuda chapulasitiki, ndipo aliyense wa m'malayini amadziwa kuti chubucho umayamba waching'amba. Mtsogoleri analandira mbande, anaiyang'ana, anaiika m'dzenje ndi chubu chake chomwe, anakwirira, n'kupondapo kawiri ndi nsapato. Amuna anawomba m'manja, amayi analulutira. Pamenepo panali mabwana a tiyi okhaokha, ena ophunzira mpaka kunja, koma palibe ngakhale mmodzi amene anatsokomola. Wamkulu salakwa.

Patapita milungu ingapo mbande ija inayamba kufota. Bambo anachita mantha, chifukwa anadziwa kuti ikafa sadzafunsa amene anaibzala, adzafunsa amene anakumba dzenje. M'mawa wina nkhungu isanachoke m'minda anaizula, n'kubzalapo ina yofanana nayo. Yofotayo anaibisa m'dengu lothyolera tiyi. Kuitaya anaopa, poti ungataye bwanji kudzala chinthu chimene chagwiridwa ndi mtsogoleri? Anabwera nayo kunyumba, anang'amba chubu chija, n'kuikwirira kuseri kwa bafa, pomwe madzi osamba amatulukira, kuti ifere pobisika.

Siinafe. Anthu ambiri sadziwa kuti tiyi ndi mtengo weniweni, amangofupika chifukwa timamubudula mutu sabata ndi sabata. Wathu wa kuseri kwa bafa palibe anamubudula, ndiye anakula mpaka kupitirira denga. Nkhuku zathu zinkagona mmenemo, ndipo amayi anamangirirapo chingwe choyanikira zovala. Ine ndinakula ndikuuyesa mtengo wamba. Bambo anandiuza zoona ndili kale ndi mwana kumsana, ndipo ananena monong'ona ngati kuti nkhukuzo zikanakawanenera ku ofesi.

Mtsogoleri uja atamwalira, panakhazikitsidwa mwambo woti chaka chilichonse, pa tsiku lomukumbukira, anthu aziyala nkhata za maluwa. Kumanda kwake kunkapita akuluakulu enieni. Otsalawo, amene magalimoto awo sakanaloledwa kuima pafupi, anakumbukira kuti pa esiteti yathu pali tiyi amene malemuwo anabzala ndi manja awo. Ndiye kunabwera waya, miyala ya laimu, ndi mwala wina waukulu wolembedwa. Bambo anasankhidwa kukhala osamalira, chifukwa ndiwo okha amene anatsala mwa anthu omwe anaona mtsogoleri akuwerama.

Mwambowo ndauonera kambirimbiri, ndipo susintha. Amamanga tenti m'mphepete mwa munda, mipando amabwereka kusukulu, kwaya imachokera kutchalitchi. Amalengeza mphindi imodzi yokhala chete, ndipo nthawi yomweyo thirakitala yonyamula masamba imadutsa ikulira, poti tiyi sadikira maliro. Kenako imafika nthawi ya nkhata. Chaka choyamba mlendo woyamba anaimirira ndi nkhata yake, anayang'ana uku ndi uku, anaona kuti palibe manda poiyala, n'kuiveka kamtengo kaja. Wachiwiri anaona kuti ndiwo mwambo wake, anasanjikiza yake pamwamba. Pofika womaliza, kamtengo kanali katasowa.

Akatha nkhata amatenga keni yothirira. Mlendo aliyense amathira keni yodzaza, chifukwa kuthira theka kungaoneke ngati chikondi chako pa malemuwo n'chatheka. Wojambula akachedwa kujambula, mlendo amabwereza. Panali bambo wina wonenepa amene chaka chilichonse ankabwera ndi feteleza m'jumbo, n'kumukhuthulira patsinde penipeni ndi manja onse awiri, kuti anthu aone kuti iye si woumira. Ndiye lamulo linkati nkhatazo zikhale pomwepo masiku asanu ndi awiri, wina asazikhudze.

Tsiku lachisanu ndi chitatu bambo ankavundukula nkhatazo n'kupeza kamtengo katafa. Madzi, feteleza ndi mdima, ngakhale mlambe sungapirire. Ankapita ku nazale, komwe wosamalira mbande ankakhala atawaikira kale imodzi padera osafunsa chilichonse, n'kukabzala. Choncho tiyi wa mtsogoleri ankafika m'mawondo chaka chino, chaka chamawa m'mawondo momwemo, tsinde lake ngati chala. Alendo ankachita nazo chidwi kwambiri. Mmodzi ananena pa maikolofoni kuti, "Taonani, zaka zonsezi koma ukadali wanthete, sukalamba. Umu ndi mmene zilili ntchito za malemu." Amayi othyola tiyi, amene ankaima kumbuyo, anadziphimba kumaso ndi zitenje mapewa akugwedezeka. Alendo anakhudzidwa poona mmene anthu wamba akulirira.

Ine nditakula ndinalembedwa ntchito m'dimba la maluwa la ku ofesi, ndipo nkhata ya esiteti ndinkaluka ndine. Ndinkailuka yopepuka, bowo lapakati lalikulu, kuti kamtengo kapumireko. Zinali zachabe. Alendo ankabwera ndi zawo za ku Limbe, zamaluwa apulasitiki, zazikulu ngati tayala la minibasi. Ndinkaona kuti pabanja pathu tinagawana ntchito bwino: ine ndinkathandiza kupha, bambo ankadzutsa.

Amayi sankakakonda kamtengoko. Ankakatchula kuti mkazi mnzawo. Bambo akachedwa kubwera, ankati, "Ali kwa wamng'ono uja. Ameneyo amafa chaka chilichonse koma pabanja sachoka." Bambo ankadziwa, ndipo amayinso ankadziwa, kuti denga limene linkatiphimba linkachokera kwa wamng'ono yemweyo.

Mavuto anabwera ndi a manijala atsopano. Anali a kumpoto, aatali, osakonda zolankhulalankhula, ndipo chimene chinatiopsa n'chakuti anaphunzira za tiyi weniweni, osati za mapepala. Anayamba kuzula minda yakale kuti abzalemo makadamiya, komanso kulemba nyumba zonse zimene munkakhala anthu opuma pantchito. Aneba athu awiri analandira notisi, ndipo tinawaona akukweza katundu pa lole. Kwathu tinasiya kuseka.

Tsiku lina a manijala anafika pakamtengo paja bambo akupalira. Ine ndinali pomwepo, ndikupaka miyala laimu. Anagwada, anagwira tsinde ndi zala ziwiri, n'kukhala choncho kanthawi.

"Madala, mtengo uwu uli ndi zaka zingati?"

"Zomwe zalembedwa pamwalapo, bwana."

"Pamwalapo ndawerenga kale. Ndikufunsa inuyo."

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, bwana."

Anaimirira, anasansa fumbi pabondo. Ndinkadikira kuti atchule za notisi, koma anati, "A ku likulu la kampani akufuna kuti chaka chamawa mlendo aliyense adzapite ndi mbande yochokera kumtengo wa mtsogoleri. Zina tidzapereka m'masukulu. Mawa mubweretse nthambi ku nazale, tiyambe kumeretsa."

Madzulo amenewo bambo anakana kudya. Ine ndinawauza kuti, "Ababa, ingodulani nthambi m'munda uliwonse. Tiyi ndi tiyi, adzadziwe ndani?"

"Bodza limodzi ndalisenza zaka zonsezi," anatero. "Koma kuti ndilibereketse, ana ake apite m'masukulu, zimenezo ayi. Ine ndine mkulu wa mpingo."

"Ukulu wa mpingowo udzatipatsa nyumba?"

Ndinakwiya, sindibisa. Munthu wakhala akukwirira ndi kudzutsa kamtengo zaka zonsezi osaphethira, lero chikumbumtima chikudzuka pa nthawi imene anzathu akukweza mphasa pa lole.

Kutacha anatenga mpeni wawo wodulira, anathamangitsa nkhuku, n'kukwera mtengo wa kuseri kwa bafa, munthu wokalamba ngati ameneyo. Anadula nthambi zabwinozabwino, anamanga mtolo waukulu ngati wa nkhuni, anausenza pamutu mpaka ku nazale. M'maganizo mwawo anali atachita chilungamo, ndipo sanaganizepo n'komwe kuti kamtengo kofika m'mawondo sikangatulutse mtolo woti munthu asenze. Wa ku nazale anandiuza kuti a manijala anayang'ana mtolowo, anayang'ana bambo, anathyola tsamba limodzi n'kuliyang'ana padzuwa, kenako anangofunsa kuti nyumba yathu ndi nambala chiyani.

A manijala anafika masana. Amayi anali akuchapa, ndipo pachingwe chija panali thalauza la bambo ndi zovala zina zimene mlendo sayenera kuziona. A manijala sanaime pakhomo, anazungulira molunjika kuseri. Anaima pansi pa mtengo atakweza mutu. Anayesa kuzunguliza tsinde ndi manja awiri, zala sizinakumane. Bambo anavula chipewa n'kuyamba kufotokoza zonse, kuyambira pa chubu ndi nsapato ija, Chichewa chikawathera ankalowa m'Chilomwe, ine n'kumamasulira.

"Ndiye weniweni ndi uwu?"

"Ndi womwewu, bwana. Ndinkati ufere kuno."

"Nanga uja wa m'munda ndi wachingati?"

"Ndinasiya kuwerenga, bwana. Zinkandimvetsa chisoni."

Ndinaona nkhope ya a manijala ikuwala, ndipo poyamba ndinayesa kuti tapulumuka. Anayamba kulankhula mofulumira, zimene sindinawamvepo akuchita. Anati ichi ndi chuma cha dziko, a ku boma ayenera kudziwa, mwambo uyenera kusamukira pamalo ake enieni. Anayamba kuyeza bwalo ndi mapazi. Apa padzakhala mwala wolembedwa, apa padzaima kwaya, bafa ili lidzachoka. Tenti anaiyeza kuyambira pamtengo, anayenda, anayenda, n'kukagunda khoma la chipinda chimene bambo ndi amayi ankagona. Anaima, anayang'ana khomalo ngati chinthu chimene chaikidwa polakwika. Apa mpamene ndinazindikira kuti bodza likanangotitulutsa m'nyumba, koma choonadi chikanaigwetsa nyumbayo.

Amayi anapukuta manja pachitenje. Sanagwade, ndipo zimenezo zinandidabwitsa.

"Bwana, ndilankhuleko?"

"Lankhulani, mayi."

"Inu mwati munaphunzira za tiyi. Uja wa m'munda amamupatsa ulemu chaka chilichonse, ndipo chaka chilichonse amuna angawa amakamukwirira. Uyu amamwa madzi a sopo, nkhuku zimamuipitsira, ine ndimamuyanikapo zovala. Taonani msinkhu wake. Mukakawauza a ku boma abwera ndi makeni awo, abwera ndi feteleza wa m'jumbo. Nkhata sadzafikira pamwamba, ndiye adzayamba amudula kuti afikire. Mtengo uwu uli moyo chifukwa palibe amene amaulemekeza."

A manijala anakwezanso mutu n'kuyang'ana mtengowo. Nkhuku ina inabwerera mumtengo n'kugwetsa zake pafupi ndi nsapato yawo. Anasuntha phazi, anayang'ana bambo amene ankafinyabe chipewa m'manja, kenako anati, "Ine ndinabwera kudzaona ngati denga likudontha. Likudontha?"

"Pang'ono, bwana, pakona apo."

"Nditumiza kalipentala. Mtengo sindinauone."

Munda wakale uja anauzula wonse, n'kusiya kamtengo ndi mpanda wake pakati pa makadamiya. Nthambi za bambo zinamera bwino ku nazale, ndipo chaka chotsatira mlendo aliyense anapita ndi mbande yake m'manja. Kanali koyamba kuti pamwambo umenewo munthu agwire chinthu chenicheni cha mtsogoleri. Ndinamva kuti angapo anakazibzala ndi machubu ake omwe.

Bambo anakhalanso zaka zochepa, akudzutsabe kamtengo kawo. Anamwalira mvula itangosiya, atadwala chifuwa masabata awiri. Tisanachotse n'komwe zovala zakuda, kalata inafika kuchokera ku ofesi. Kalaliki amene anaibweretsa sanayang'ane amayi kumaso. Inkati nyumba ndi ya wantchito, wantchito kulibe, ndiye tituluke pakatha miyezi itatu. Ntchito yanga ya m'dimba inalibe nyumba. Ndinapita kwa a manijala, anandiuza kuti kalatayo yachokera ku likulu ndipo iwo alibe mphamvu pa lamulo. Ndinatuluka ndikuwatukwana mumtima. Amayi anayamba kumanga mbale m'zitenje, pang'onopang'ono, osadziwa kuti akuzimangira ulendo wakuti.

Tsiku la mwambo linagwera mkati mwa miyezi imeneyo. Nkhata ndinaluka ndine, monga kale, koma ulendo uno sindinasamale za bowo lapakati. Kwaya inaimba, thirakitala inadutsa, makeni anakhuthulidwa, bambo wa feteleza anachita zake. Mlendo wamkulu anayamikiranso kuti mtengowo sukalamba. Za bambo anga palibe anatchula, ngakhale mawu amodzi. Ndinaima kumbuyo ndi amayi othyola tiyi, ndinadziphimba ndi chitenje, ndipo tsiku limenelo ndinkaliradi.

Tsiku lachisanu ndi chitatu palibe anapita kukavundukula nkhata. Lachisanu ndi chinayi m'mawa tinamva galimoto ikuima pakhomo. A manijala anatsika atanyamula khasu dzanja ili, dzanja linali mbande ya m'chubu.

"Mayi, wafanso."

"Ndiye mukundiuza ine kuti nditani? Wokwirira wake munamukwirira."

"A ku likulu andiimbira. Akufuna chithunzi cha mtengo wa mtsogoleri sabata ino. Ndawauza kuti mtengowo sungakhale wopanda wousamalira, ndipo wousamalira amakhala m'nyumba ino. Avomera. Chatsala ndi dzina loti ndilembe."

Ndinatambasula dzanja kuti ndilandire khasulo, koma amayi anandigwira pamkono. Anayang'ana mbande ija nthawi yaitali, ndi diso lomwe ankayang'anira bambo akabwera mochedwa. Kenako anamanga chitenje bwinobwino, anatenga khasu, n'kuuyamba ulendo wa kumunda osakwera galimotoyo. Ine ndinawatsatira ndi mbande.

Anavundukula nkhata zonse n'kuziponya kunja kwa waya. Anazula kakufako, anachotsa dothi la feteleza, anakumba dzenje latsopano. Chubu anang'amba ndi mano. Akukwirira ndinawamva akulankhula nako kamtengoko.

"Iwe mkazi mnzanga, amuna athu apita. Tatsala awiri. Iwe uzifa nthawi yako ikakwana, ine ndizikudzutsa. Tikayambana, tonse atithamangitsa."

Mbale zija tinazimasula tsiku lomwelo. Mpaka lero tikukhala m'nyumba yomweyo, ndipo amayi ndiwo amalandira alendo pamwambo, atavala chitenje chatsopano, n'kumawapatsira okha keni m'manja.

M'mawa uliwonse amatereka madzi osamba a anthu atatu, ngakhale akuluakulu tatsala awiri. Amasamba iwo, ndimasamba ine. Ndowa yachitatu amainyamula kupita nayo kubafa, amadikira kuti izizireko, n'kuikhuthula pansi kuti madziwo ayenderere kumtengo. Tsiku lina ndinawauza kuti akuwononga nkhuni.

"Mtengowu unazolowera madzi a bambo ako," anatero. "Sindinauuze."